Nyumba ya Osowa Pogona Imangidwe Pati?



M'kalata ino ya Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere, yokamba za ulamuliro wabwino, anzathu afotokoza za zisankho, za ziphuphu ndi za kasamalidwe ka chuma cha boma. Ife tapatsidwa gawo looneka laling'ono. Tikufuna tilingalire nanu funso ili: khonsolo ya mzinda, kapena bungwe lina la ntchito zachifundo, ikaganiza zomanga nyumba yoti abale athu osowa pogona azifikiramo usiku, nyumbayo imangidwe pati? Nanga ndani ali ndi mawu pa chisankho chimenechi?

Palibe amene amatsutsa kuti nyumba yotere ndi yofunika. Mutafunsa pa msonkhano wa mphakati, manja onse akwera m'mwamba. Phokoso limabuka wina akangotchula dzina la malo. Pamenepo aliyense amakumbukira kuti kufupi ndi kwawo kuli sukulu ya ana, kuli masitolo, kuli mpanda umene wangoumanga kumene, ndipo onse amagwirizana msangamsanga kuti malo abwino ali kwinakwake, kunja kwa mzinda, kumene kuli mphepo yabwino ndi nthaka yotsika mtengo.

Kodi tikunena za yani?

Amene amalawirira ku Misa yoyamba ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Mzuzu akuwadziwa anthu amenewa. Amagona m'makonde a masitolo, m'madepoti a mabasi, pansi pa milatho ndi m'mabenchi a m'misika, atayala makatoni ndi kufunda masaka. Si gulu limodzi ayi. Alipo ana othawa nkhanza pakhomo, ndi amasiye amene achibale adawalanda nyumba bambo wawo atangoikidwa m'manda. Alipo amayi opemphetsa ali ndi mwana kumsana, ndi agogo osaona otsogoleredwa ndi mdzukulu amene akadayenera kukhala m'kalasi. Alipo odwala matenda a maganizo. Ena adabwera kudzafuna ntchito, ndalama yobwerera kumudzi n'kuwathera. Ena adatuluka kundende, kwawo osawalandira.

Kwa zaka zambiri lamulo lenilenilo linkawaona anthu otere ngati opalamula. Gawo 184 la malamulo a milandu, limene tidalilandira kwa atsamunda, linkalola kuti munthu amangidwe chifukwa chongopezeka pamsewu pa nthawi imene wapolisi wamukayikira. Mu Januwale 2017, Khoti Lalikulu, pa mlandu wa Gwanda, wogulitsa majumbo amene adagwidwa m'bandakucha ku Blantyre akupita ku malonda ake, lidagamula kuti ndime imeneyo ikutsutsana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Mu 2020 Khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, limene limakhala ku Arusha, lidapereka maganizo ofanana pa malamulo otere mu Africa monse. Makhoti adanena zawo. Koma mtima umene udabala lamulo lija, wakuti wosauka akaoneka pamsewu ndiye kuti mzinda wada, sudafe nalo limodzi. Ndiwo umene umabwera pa msonkhano wosankha malo utavala jekete, n'kumalankhula za ukhondo ndi chitukuko.

Kutali n'kutali kwa yani?

Munthu wogona panja sasankha malo ake mwangozi. Amagona pafupi ndi pamene amapezera chakudya. Ganyu yake ndi yonyamula katundu pamsika, yotsitsa matumba m'malole, yotsuka magalimoto, yotola mabotolo ndi zitsulo, ndipo yambiri mwa ntchito imeneyi imayamba kusanache. Amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena otalikitsa moyo ayenera kufika kuchipatala pa tsiku lake, ndipo amayenda wapansi. Tsono mukam'mangira nyumba yokongola makilomita ambiri kunja kwa mzinda, mwamuuza kuti asankhe pakati pa bedi ndi nsima. Ndalama ya minibasi yopita ndi kubwera idzadya zonse zimene wagwirira tsiku lonse. Adzasankha nsima, monga mmene aliyense wa ife akadachitira. Nyumba ija idzakhala yopanda anthu, ndipo pakapita chaka wina adzaima n'kunena kuti anthu amenewa ndi osayamika, sathandizika.

Phunziro limeneli si lachilendo kwa ife. Mu 2006 boma lidachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda n'kuwatumiza m'misika yowakonzera. Misewu idayera kwa kanthawi. Ambiri adabwereranso, chifukwa wogulitsa amatsata pamene pali ogula.

Ngakhale kamangidwe ka mizinda yathu kakutichitira umboni. Lilongwe atakhala likulu mu 1975, madera adayalidwa motalikirana, olemera kwawo, antchito kwawo. Amene adalibe malo pa mapu aja adadzipezera okha: Mtandire, Chinsapo, Kauma, Mgona. Wa ku Mtandire amawoloka m'mawa kukachapa ndi kusesa ku Area 47, madzulo n'kubwerera. Tidazolowera kufuna manja a wosauka masana, koma usiku osafuna kuona nkhope yake.

Pali chiyeso china. Malo amene palibe amene akuwalimbirana nthawi zambiri ndi a m'dambo, a m'mphepete mwa mtsinje, a m'tsinde mwa phiri kapena oyandikana ndi kotaya zinyalala. Satsika mtengo pachabe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kugwera pa nyumba za ku Chilobwe, ndipo anthu oposa 1,000 adafa m'dziko muno. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 adatenga miyoyo yoposa 1,700, makamaka kumene kulibe madzi abwino ndi zimbudzi. Kuika anthu ofooka kale pa malo otere n'kuwatchera msampha ndi ndalama za chifundo. Tikumbukirenso kuti masiku a Freddy aja, anthu amene adagona m'nyumba zawozawo Lamulungu adapezeka akugona m'makalasi ndi m'matchalitchi sabata isanathe. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ambuye Yezu, pa Luka 16, adamuika Lazaro pakhomo penipeni pa munthu wolemera, ndipo nkhaniyo ikuonetsa kuti wolemerayo ankamudziwa ndi dzina lomwe. Tiyerekeze kuti akadalamula antchito ake kuti amunyamule Lazaro mwaulemu, akamusiye kutali kumene agalu ndi alendo sangamuone. Chakudya chikadakoma bwino tsiku limenelo. Kodi mlandu wake pamaso pa Mulungu ukadachepa?

Mantha a anthu okhala pafupi

Tisawanamizire abale athu amene amakana nyumba yotere kufupi ndi kwawo kuti onse ndi ouma mtima. Mayi amene adatsomphoredwa chikwama pa mlatho ndi gulu la anyamata a m'misewu ali ndi chifukwa choopera. Mwini golosale amene adathyoleredwa kawiri sakunena nthano. Amenewa ayenera kumvedwa, ndipo kuwayankha ndi vesi chabe n'kuwanyoza.

Yankho loona lili m'kayendetsedwe ka nyumbayo. Mnyamata amene ali ndi pogona podziwika, amene dzina lake lidalembedwa, amene wadya ndipo chitseko chatsekedwa pa ola lake, saopsa ngati amene akuzungulira usiku wonse ndi njala. Pakhale magetsi a panja, madzi a pa mpope, zimbudzi zokwanira, woyang'anira wogona pompo, ndi komiti imene anthu a m'deralo ali ndi mipando, yoti dandaulo likafika liyankhidwe. Ife tikuona kuti nyumba zing'onozing'ono zingapo, ina kufupi ndi msika, ina kufupi ndi chipatala, ndi zabwino kuposa chinyumba chimodzi chounjikamo mazana, pakuti pamenepo katundu sagwera dera limodzi lokha.

Chimene sitingagonjerepo ndi ichi: ana asagone pamodzi ndi akuluakulu osawadziwa, ndipo amayi ndi atsikana akhale ndi khomo lawolawo. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limamuona mwana wa mumsewu ngati wofunika chisamaliro, ndipo cholinga n'chakuti abwerere ku banja ndi ku sukulu pamene n'kotheka. Mabungwe monga Tikondane ku Lilongwe ndi Chisomo Children's Club ku Blantyre akhala pa ntchito imeneyi kwa zaka zambiri, ndipo amagwirira m'mizinda momwemo, kumene anawo ali. Khonsolo yanzeru ingayambe yawafunsa iwowa isanajambule mapu.

Asankhe ndani, ndipo asankhire kuti?

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza ulamuliro. Mu 1998 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu. Komabe kuyambira 2005 mpaka 2014 tidakhala opanda makhansala, ndipo ambiri tidazolowera kuti za mumzinda zimathera m'maofesi. Mu Seputembala 2025 tidasankhanso makhansala. Tsono khansala ndi wa onse okhala m'wodi yake, wa mpanda wa njerwa ndi wogona pakhonde la sitolo yemwe, ngakhale wachiwiriyo atakhala kuti alibe chitupa chovotera.

Wolemera akafuna kukana chinthu saitanitsa msonkhano, amangoimba foni. Wosauka alibe nambala yoti aimbe. N'chifukwa chake chisankho cha malo chikachitikira m'chipinda chotseka, chimapendekera mbali imodzi ngakhale pasakhale wolandira chiphuphu. Tikupempha kuti malo onse amene akuganiziridwa atchulidwe poyera, pamodzi ndi zifukwa zowavomerezera kapena kuwakanira. Kuti msonkhano uchitike m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, pa nthawi ndi pa malo amene wonyamula katundu pamsika angafikepo. Ndi kuti eni nkhaniwo afunsidwe. Iwo ndiwo akudziwa msewu umene mtsikana sangadutse kukada, ndi khwalala limene limasefukira mvula ikagwa. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Tili ndi ufulu wofunsa khonsolo kuti malo osungidwira ntchito zothandiza anthu ali pati, ndipo amene adalipo kale adapita kwa yani.

Nanga malo athu?

Sitingaloze khonsolo chala n'kuiwala mipanda yathu. Maparishi ambiri a m'mizinda ali pa malo abwino, kufupi ndi misika, zipatala ndi misewu, ndipo ena ali ndi zipinda zimene zimatsegulidwa kamodzi pa sabata. Malemu Papa Francis adalamula kuti pambali pa bwalo la Petro Woyera ku Roma pamangidwe mabafa a anthu ogona panja, ndipo adatsegulidwa mu 2015. Mu 2019 adapereka nyumba yakale yaulemerero yotchedwa Palazzo Migliori, imene ena ankafuna kuti isanduke hotela, kuti mukhale mogona osauka, pafupi ndithu ndi bwalolo, pamene alendo a dziko lonse amadutsa. Tikudziwa kuti parishi ili ndi zosowa zake, ndi kuti nyumba yotere imafuna ndalama za mwezi ndi mwezi, osati za tsiku lotsegulira lokha. Koma funsoli lifike pa tebulo la khonsolo ya parishi, likambidwe ndi kulembedwa m'buku, lisangothera pa khomo la tchalitchi.

Tikupempha makomiti a Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi a m'mizinda kuti, mogwirizana ndi abambo mfumu ndi miphakati, ayende m'mamawa m'dera lawo, adziwe amene akugona panja, kumene amagwira ganyu ndi kumene iwo eni angakonde kuti nyumba yawo ikhale. Zimene mwapeza muzilembe, kalata ina ipite kwa khansala, ina ku ofesi ya dayosizi. Popita kumeneko musatenge zojambulira, musalonjeze chimene mulibe, ndipo pokacheza ndi atsikana atsogole ndi amayi.