KODI KUSUNGA CHOTOLA NDI KUBA?

Chidule cha khutba ya tsiku la Ijumaa, m'boma la Phalombe

Tikuyamika Allah, mwini wa chuma chonse chimene ife tangosungitsidwa kwa kanthawi. Mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki wake Muhammad (S.A.W.), amene anthu a ku Makka ankamutcha Al-Amin, kutanthauza wokhulupirika, asanapatsidwe n'komwe utumiki.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha komanso inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri. Pali mawu amene timawamva pamsika wa Migowi, ku Chiringa ndi m'madoko a nyanja ya Chilwa, akuti kutola si kuba. Munthu akatola foni amachotsa simu khadi n'kunena kuti Mulungu wamukumbukira. Msodzi akapeza ukonde wa mnzake umene mphepo yaukokolola amaupinda n'kuuika m'bwato mwake. Kodi Chisilamu chikuti chiyani pa zimenezi?

Ife a ku Phalombe funsoli talidziwira m'misozi. Mu Marichi 1991 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi, zimene makolo amati Napolo, ndipo anthu mazanamazana anamwalira. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo dera la Nkhulambe linali limodzi mwa amene anasakazidwa kwambiri. Madzi akamasefukira chotere sanyamula anthu okha. Amanyamulanso malata, njinga, mbuzi, mapoto ndi matumba a chimanga, n'kukazisiya m'munda mwa munthu wina kutali. Madzi ataphwa, funso limatsala m'manja mwa wopezayo: kodi izi tsopano ndi zanga?

M'Shariya chinthu chotayika chimene wina wachipeza chimatchedwa luqata. Maziko a lamulo lake ndi hadisi ya Swahaba Zaid bin Khalid Al-Juhani (R.A.), yopezeka m'mabuku a Imam Bukhari ndi Imam Muslim. Munthu wina atafunsa za chotola, Mtumiki (S.A.W.) anamulamula kuti azindikire bwino chikwama chake ndi chingwe chomangira, kenako alengeze kwa chaka chathunthu. Mwini wake akabwera ampatse, akapanda kubwera angathe kuchigwiritsa ntchito. Pa za nkhosa yosokera analola kuitenga, chifukwa ikasiyidwa idyedwa ndi chilombo. Pa za ngamila analetsa, popeza imatha kudzipezera madzi ndi msipu kufikira mwini wake ataipeza.

Swahaba wina, Ubay bin Ka'b (R.A.), anatola chikwama cha ndalama zagolide zokwana madinari 100. Sanachibise. Anapita nacho kwa Mtumiki (S.A.W.), analengeza monga anauzidwa, ndipo atasowa mwini wake ndi pamene analoledwa kugwiritsa ntchito ndalamazo, atasunga kaye pamtima chiwerengero chake ndi maonekedwe a chikwamacho.

Tikuona apa kuti kutayika kwa chinthu sikuchotsa umwini. Chimene chachoka ndi chinthucho m'manja mwa mwini wake, koma ufulu wake pa icho ulipobe. Wotola ndi wosungitsidwa, ndipo chimene ali nacho ndi amana. Mu Surat An-Nisa, ndime 58, Allah akutilamula kubweza zosungitsidwa kwa eni ake, ndipo mu Surat Al-Baqara, ndime 188, akutiletsa kudyerana chuma m'njira yachinyengo.

Tsono kodi ndi kuba? Ma Ulama akusiyanitsa. Kuba kumene kuli ndi chilango chokhazikika m'Qur'an ndi kutenga mobisa chinthu kuchokera pamalo amene chasungidwa, monga m'nyumba, m'khola kapena m'thumba. Wotola panjira sanathyole chitseko, choncho chilango chimenecho sichimukhudza. Koma zimenezi sizikutanthauza kuti wapulumuka. Amene watola ndi cholinga chobisa wachita haramu kuyambira nthawi imene dzanja lake lagwira chinthucho, ndipo chikaonongeka kapena kusowa ayenera kulipira. M'buku la Imam Muslim muli hadisi imene Mtumiki (S.A.W.) akumutcha wosokera munthu amene wasunga chiweto chosokera popanda kulengeza. Malamulo a dziko lathu nawonso samulekerera munthu wosunga chotola pamene akumudziwa mwini wake kapena angathe kumupeza: angathe kuzengedwa mlandu wakuba. Choncho kutola pakokha si kuba, koma kubisa chotola ndi kudya chuma cha mnzako.

Nanga Msilamu akapeza chinthu achite chiyani?

Choyamba, adziyese yekha. Ngati akudziwa kuti mtima wake ndi wofooka pa ndalama, ndi bwino asachitole, kapena achipereke msanga kwa amfumu, kwa Sheikh kapena kupolisi.

Chachiwiri, azindikire zizindikiro zake, monga kuchuluka kwa ndalama, mtundu wa chikwama, nambala ya njinga kapena kadulidwe ka khutu la mbuzi, ndipo aike mboni yokhulupirika. Mboni imamuteteza iye ku manong'onong'o a Satana, komanso imateteza ana ake kuti asadzagawane chinthucho ngati chamasiye iye akamwalira.

Chachitatu, alengeze pamalo amene wachipeza ndi pamene anthu amasonkhana: pamsika, pachigayo, padoko, pabwalo la amfumu. Kumzikiti alengezere panja pa khomo anthu akamatuluka, chifukwa Mtumiki (S.A.W.) analetsa kufunafuna zotayika m'kati mwa mzikiti. Polengeza asaulule zizindikiro zonse. Anene kuti watola ndalama, ndipo wobwerayo ndi amene atchule kuchuluka kwake ndi momwe zinamangidwira. Foni isazimitsidwe, popeza mwini wake aimba.

Chachinayi, chinthu chosachedwa kuonongeka, monga dengu la matemba kapena tomato, angathe kuchigulitsa n'kusunga ndalama zake, kapena kudya ali wokonzeka kulipira mtengo wake. Kanthu kochepa kwambiri kamene mwini wake sangabwerere kudzakafuna, monga bango limodzi logwa panjira, kalibe mlandu. Anas (R.A.) akusimba kuti Mtumiki (S.A.W.) anapeza tende imodzi panjira ndipo chimene chinamuletsa kudya ndi kuopa kokha kuti mwina inali ya sadaka.

Chachisanu, chaka chikatha mwini wake osapezeka, Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsata mazhabu ake, akuti wotolayo angathe kuchitenga kukhala chake. Imam Abu Hanifa akuti ngati ali wolemera achipereke sadaka. Onse awiri akugwirizana kuti mwini wake akadzatulukira ngakhale patapita zaka, ufulu wake sunathe.

Abale anga, tibwerere ku nkhani ya madzi osefukira. Wina anganene kuti mwini wa malata aja anapita ndi madzi, ndibwezera yani? Dziwani kuti munthu akamwalira chuma chake chimapita kwa alowam'malo ake. Lata limene lili padenga lanu mwina ndi la mwana wamasiye amene akugona m'chisakasa, ndipo mu Surat An-Nisa, ndime 10, Allah akuyerekeza kudya chuma cha amasiye mopanda chilungamo ndi kudzaza moto m'mimba. Amene akudziwa kuti m'nyumba mwake muli katundu wotere, khomo la kulapa likadali lotsegula. Afunse m'midzi ya kumtunda kumene madzi anachokera, kudzera mwa mafumu ndi atsogoleri a mizikiti ndi matchalitchi. Pa nkhani iyi palibe kusankha chipembedzo: katundu wa Mkhristu ndi woletsedwa kwa ife chimodzimodzi ndi wa Msilamu. Ngati chinthucho chinatha kale, abweze mtengo wake. Ngati wayesetsa ndipo eni ake sakupezeka, ndi bwino apereke sadaka m'malo mwawo.

Inunso asodzi, ukonde woyandama uli ndi mwini wake amene mwina anautenga pa ngongole. Kauperekeni ku komiti ya padoko. Inu amene mwalandira ndalama pafoni zotumizidwa molakwika, mwini wake akudziwika ndi nambala yake, choncho palibe zodikira chaka: bwezani tsiku lomwelo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mphepo imene yatenga ukonde wa mnzako lero idzaombanso.

Makolo, mwana akabwera ndi cholembera kapena ndalama n'kunena kuti watola, musamuyamikire mwayi. Mubwezeni akapereke kwa aphunzitsi. Kukhulupirika kumayambira pa zazing'ono zoterezi.

Tikupempha Allah kuti atikwaniritse ndi za halali kuti tisalakelake za haramu, awachitire chifundo abale athu amene anapita ndi madzi, awapepese otsala, ndiponso atiimike pamaso pake tsiku la Qiyama tilibe cha munthu m'manja mwathu. Ameen.