Kununkha M'kamwa: Nkhani Imene Sitiuzana

Mawu amene mmodzi wa ife anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka



Pamene a Komiti anandipatsa mphindi khumizi, ena anayesa kuti poti ndimagwira ntchito m'boma ndiye ndikamba za penshoni. Pepani, ndabwera ndi nkhani ya fungo la m'kamwa. Ine si dokotala wa mano ayi, koma nkhaniyi inandigwera ndipo ndinaiphunzira mwamanyazi.

Tsiku lina madzulo chitsirizira wathu wa zaka 5 anakhala pamiyendo panga. Posakhalitsa anagwira mphuno nati, "Adadi, m'kamwa mwanu mukununkha." Mayi ake anamukalipira. Koma usiku nditawafunsa bwinobwino, anavomera kuti vutoli linayamba kalekale, kungoti ankasowa poyambira. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti kuofesi anyamata ankaima patali pondipatsa mafayilo, ndipo mnzanga wina sankatopa kundigawira maswiti tikamalowa mumsonkhano. Ine ndinkangoti ndi ulemu umenewo! Taganizani, munthu wa digiri, wovala tayi, anthu akundithawa ine osadziwa.

Mwini wake sadzimva chifukwa mphuno imazolowera fungo limene ili nalo nthawi zonse. Ngati mufuna kudziyesa, nyambitani pamkono, dikirani paume, kenaka nunkhizani. Musachite pano, chonde.

Ndinapita kuchipatala cha mano ndili ndi chikhulupiriro chakuti vuto lili m'mimba, monga ambirife timanenera. Anandiuza kuti mwa anthu ambiri fungoli limachokera m'kamwa mwenimwenimo. Tizilombo tosaoneka ndi maso timadya zotsalira za chakudya ndi kutulutsa mpweya wa sulufule, wofanana ndi wa dzira lowola. Malo amene timakonda kwambiri ndi kumbuyo kwa lilime, kumene kumayanga zoyerayera zija, ndiponso m'mipata ya mano. Nanga ndani wa ife anaphunzirapo kutsuka lilime? Kubodingi kuja belu la phala likalira tinkangopititsa mswachi kawiri pa mano akutsogolo, n'kuthamanga ndi mbale. Ine chizolowezi chimenecho ndinafika nacho mpaka zaka makumi anayi.

Anandipezanso ndi chiseyeye. Ndinkaona magazi pamswachi koma ndinkati mswachiwo ndi wolimba. Chonsecho litsiro linali litauma ngati mwala m'mphepete mwa usinini, ndipo likafika pamenepo mswachi sungalichotse, amachita kupala ndi zitsulo zawo. Si ine ndekha: lipoti la bungwe la WHO la mu 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda a m'kamwa.

Zimene anandilangiza n'zosafuna ndalama zambiri. Kutsuka mano kawiri patsiku, kwa mphindi 2, ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Kutsuka kwa usiku ndiko kofunika koposa, popeza tikagona malovu amachepa, pamene malovuwo ndiwo amatsuka m'kamwa usana wonse. N'chifukwa chake tonsefe m'mawa sitikhala bwino. Pomaliza, kupala lilime pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo. Poyamba mumamva ngati musanza, koma mumazolowera. Kanyama kotsalira m'mano kachotsedwe ndi ulusi wake uja wa m'mafamase, osati pini kapena singano. Mswachi usinthidwe pakatha miyezi itatu. Mswachi wa mtengo umene agogo athu ankatafuna umagwira ntchito ndithu, koma makala ndi mchenga zimaperesa mano.

Tsono kwa anzanga a m'maofesi: timakhala tsiku lonse pa tiyi wa shuga, madzi osamwa, nkhomaliro n'kuidumpha. M'kamwa mouma ndimo mumanunkha. Fodya ndi mowa zimaumitsanso m'kamwa, ndipo ndikuona ena kumbuyoko ayang'ana pansi. Maswiti amangophimba fungo kwa kanthawi, kwinaku shuga wake akudyetsa tizilombo tomwe tija. Adyo ndi anyezi wamuwisi ndi nkhani ina: fungo lake limalowa m'magazi n'kumatulukira m'mapapo, choncho ngakhale mutsuke chotani muyenera kungodikira lithe lokha.

Mukachita zonsezi kwa milungu ingapo koma osasintha, pitani kuchipatala. Mwina pali dzino lobooka, mwina vuto lili m'mphuno kapena kukhosi, ndipo nthawi zina ndi chizindikiro cha matenda a shuga.

Pempho langa ndi limodzi. Ife tinagona m'chipinda chimodzi, tinabwerekana sopo ndi malaya. Mukamva fungo kwa ine, ndiitanireni pambali mundiuze, musandipatse switi. Kunyumba ntchito imeneyo ndinaisiya m'manja mwa mwana uja, ndipo m'mawa uliwonse ndisananyamule chikwama amayamba wandinunkhiza.