Nyumba ya Nyali pa Zenera

Madzulo ano tiyeni tipite ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, kumene mkati mwa munda waukulu wa Phoenix Park muli nyumba yoyera yotchedwa Áras an Uachtaráin, ndiko kunena kuti Nyumba ya Pulezidenti.

Anaimanga m'chaka cha 1751 ndi Nathaniel Clements, mkulu woyang'anira mundawo. Mu 1782 boma linaigula, ndipo kwa zaka 140 munkakhala Bwanamkubwa wolamulira Ireland m'dzina la mfumu ya ku Mangalande. Anthu wamba ankangoionera patali. Chidani cha masiku amenewo chinali chakuya, kotero kuti mu 1882 akuluakulu aŵiri a boma, Lord Frederick Cavendish ndi Thomas Burke, anaphedwa ndi mipeni pafupi ndi nyumbayi.

Nchosadabwitsa tsono kuti dzikolo litayamba kudzilamulira mu 1922, ena anafuna kuti igwetsedwe. Pulezidenti woyamba, Douglas Hyde, analoŵamo mu 1938 mongoyembekezera ina yatsopano, koma nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse inasokoneza maganizowo. Kunena zoona, nkhondoyo inapulumutsa chinthu cha mtengo wapatali.

Lero pa Loŵeruka munthu wamba uja amaloŵa osalipira kanthu, naonetsedwa zipinda zolandirira alendo a boma. Panja pali mitengo yobzalidwa ndi alendo otchuka, ndipo umodzi ndi wa Mfumukazi Elizabeth II, amene anafika mu 2011. Chipezere ufulu dzikolo, panalibe mfumu ya Britain imene inapondapo.

Koma chimene chimagwira mtima ndi kanthu kakang'ono. Kuyambira mu 1845 matenda anaononga mbatata ya kacheŵere, chakudya cha amphaŵi a ku Ireland. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa ndi njala, enanso ochuluka chomwecho anaoloka nyanja, ndipo ulendo wochoka kwao unapitirira kwa mibadwo yambiri. Mayi Mary Robinson atasankhidwa kukhala Pulezidenti mu 1990, anaika nyali pa zenera la chipinda cham'mwamba, kukumbukira ana a dzikolo omwazikana kunja. Inu amene munaperekezapo mbale wopita ku Joni kapena ku Halale, nimukhala zaka kudikira kalata, simufunika kukufotokozerani zambiri.

Atsogoleri otsatira sanaichotse nyaliyo. Kukada, woyenda mu mseu wa Chesterfield Avenue amaiona ikuŵala pakati pa mitengo.