Zimene ndinaphunzira m'basi nambala 108 ku London

Inu akuluakulu amene munakhalitsa kunja ndipo mzinda wa London mumaudziwa kuposa ine, ndikalakwitsa mundikonze.

Ine sindinaphunzire za uinjiniya. Ngakhale sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira, fizi itavuta. Ndisanayambe utolankhani ndinakhalako ku Mangalande, kumene ndinkakolopa maofesi madzulo. Ndinkagona ku Lewisham, kum'mwera kwa mtsinje wa Thames, pomwe ntchito inali ku Stratford, tsidya lakumpoto. Sitima inalipo, koma basi inali yotsika mtengo, choncho ndinkakwera nambala 108, imene imawoloka mtsinjewo podutsa mu Blackwall Tunnel, msewu wokumbidwa pansi pa madzi.

Tsiku lina lole yaitali inafika pakhomo pa msewuwo nkulephera kulowa. Anatseka njira, ife tinaima nthawi yoposa ola. Nditafika, kapitawo sanafune kumva zambiri, anangondidula malipiro a tsikulo. Ndalama imene ndinkapulumutsa pokana sitima inathera pomwepo. Kuyambira pamenepo ndinafuna kudziwa chifukwa chake mzinda wolemera chotere umaimitsidwa ndi lole imodzi.

Yankho lake lili m'mbiri. Blackwall Tunnel inatsegulidwa m'chaka cha 1897, nthawi ya ngolo zokokedwa ndi mahatchi. Ndi yopapatiza, yokhotakhota, ndipo galimoto yotalika kupitirira mamita 4 siloledwa kulowamo. Ngakhale mabasi osanjikizana aja salowa. Magalimoto atachuluka, anakumba msewu wachiwiri pambali pake, umene unatsegulidwa mu 1967. Nawonso unadzaza. Mu April 2025 anatsegulanso wina chapafupi, wotchedwa Silvertown Tunnel. Koma ulendo uno anachita chimene sanachitepo kale pamalopo: anayamba kulipiritsa magalimoto odutsa, ku Silvertown ndi ku Blackwall komwe, ndiponso anapatula mbali ina ya msewu watsopanowo kukhala ya mabasi ndi malole. Akuluakulu a mzindawo anavomereza okha kuti msewu waulere ukangotsegulidwa, eni magalimoto amachuluka mpaka kuudzaza.

Tsono chimene chimanyamula anthu a ku London nchiyani? Ndi njanji. Pa 10 January 1863 anatsegula njanji yoyamba yapansi pa nthaka pa dziko lonse, yochokera ku Paddington kukafika ku Farringdon, mtunda wa makilomita 6. Sitima zake zinali za malasha, utsi uli tolotolo, komabe anthu anakwera mwaunyinji chifukwa pamwamba ngolo zinali zitathinana kale. Lero njanji za Underground zili ndi masiteshoni oposa 270. Mu May 2022 anawonjezera Elizabeth line, atakumba makilomita 42 a njira zatsopano pansi pa mzinda. Sitima imodzi ya kumeneko imatenga anthu 1,500. Tangoganizani anthuwo aliyense atakwera galimoto yake, mzere wake ungathere kuti?

Sindikunena kuti njanji ilibe zovuta. Elizabeth line imayenera kutsegulidwa mu December 2018, koma inachedwa zaka zoposa zitatu, ndipo inadya mapaundi oposa 18 biliyoni, kupitirira ndalama zimene analonjeza. Ena mwa inu munali ku London pa 18 November 1987, pamene moto unabuka pa masitepe oyenda okha a matabwa pa siteshoni ya King's Cross nkupha anthu 31. Kafukufuku amene anatsogolera a Desmond Fennell anachitikira poyera, anapeza kuti mafuta ndi zinyalala zinaunjikana pansi pa masitepewo, ndipo akuluakulu awiri oyang'anira za mayendedwe anatula pansi udindo. Chinthu chikakhala pansi pa nthaka, maso sachiona, choncho chimafuna anthu ofunsa mafunso mosaopa.

Mwina wina akuti, zonsezi zikutikhudza bwanji ife amene sitingakumbe ngakhale kilomita imodzi? Inenso sindikupempha kuti tikumbe. Koma amene munaimapo mu minibasi pa msewu wa Chipembere nthawi yoweruka, mukudziwa kuti yankho limene timamva kawirikawiri ndi lakuti msewu ukulitsidwe. London inayesa zimenezo pa Blackwall kuyambira 1897, ndipo mapeto ake ndi kulipiritsa magalimoto nkupatsa basi njira yake. Pakati pa Blantyre ndi Limbe njanji ilipo kale. Akadzabwera kwa ife ndi mapulani a msewu watsopano, tiwafunse funso limodzi: msewu umenewu udzanyamula anthu angati pa ola, ndipo munthu wopanda galimoto adzafika msanga ku ntchito kapena ayi?

Ine funso limenelo linandidyera malipiro a tsiku lathunthu. Inu ndakupatsani laulere.