Zitoliro za Limba Zopangidwa ndi Mapepala

Mawu amene mlimi mnzathu anayankhula pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi

Masiku onse tikakumana timakamba za mbewu, za feteleza, za mtengo wa mbatatesi ndi za matenda a ziweto. Lero ndapempha kuti tikambeko za ntchito ina ya manja imene ine ndimachita tikamaliza kukolola. Ntchitoyo ndi yopanga zitoliro za limba ndi mapepala.

Ndaona ena mwamwetulira kale. Mukuti, bambo wa ana n'kumasewera ndi mapepala? Tandilolani ndifotokoze, mudzaweruze ndikamaliza.

Tonse tikudziwa kuti makwaya ambiri m'midzi mwathu muno alibe limba. Kiyibodi imafuna ndalama, imafunanso magetsi kapena batire. Ndiye woyambitsa nyimbo amangotola liwu m'mutu mwake. Tsiku lina ayamba pamwamba kwambiri, amayi n'kuthera mawu pakati pa nyimbo. Tsiku lina ayamba pansi, abambo a besi n'kumangong'ung'udza osamveka. Zitoliro 8 zochunidwa bwino zimathetsa vuto limeneli, chifukwa chitoliro sichiiwala liwu lake. Ndipo zipangizo zake n'zotola: mapepala, ufa wa chinangwa, timitengo ndi chubu chakutha cha njinga.

Limba limene ndikunena ndi lija la m'matchalitchi akuluakulu, limene pa Chipwitikizi amati órgão. Lili ndi zitoliro mazanamazana, ena mpaka masauzande, ndipo chitoliro chilichonse chimalira liwu limodzi basi. Woyimba akadina kiyi, kachitseko kamatseguka, mpweya n'kulowa m'chitoliro cha liwu limenelo. Woyamba kupanga limba lotere anali Mgiriki wina dzina lake Ktesibios, amene ankakhala ku Alexandria m'dziko la Egypt, konkuno ku Africa, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe.

Zitoliro zambiri amazipanga ndi chitsulo kapena matabwa, koma za mapepala si zachilendo ayi. M'chaka cha 1494, mmisiri wa ku Italy, Lorenzo da Pavia, anapanga limba la zitoliro za mapepala, ndipo limasungidwa ku Museo Correr mumzinda wa Venice. M'chaka cha 1887, ku England, Mark Wicks anatulutsa buku lotchedwa Organ Building for Amateurs lophunzitsa anthu wamba kupanga limba pakhomo, ndipo anafotokozamo kapangidwe ka zitoliro za mapepala. Ku Philippines, m'tauni ya Las Piñas, wansembe Diego Cera anamaliza limba m'chaka cha 1824. Pa zitoliro zake 1,031, zokwana 902 ndi za nsungwi. Nsungwi zomwezi timamangira nkhokwe!

Zimenezi zikutiphunzitsa chinthu chimodzi, ndipo ndicho ndabwera nacho lero. Chimene chimalira m'chitoliro ndi mpweya umene uli m'katimo. Chitsulo, thabwa, nsungwi kapena pepala, ntchito yake yaikulu ndi kusunga mpweyawo pa muyeso woyenera osautaya. Ndiye kuti chofunika kwambiri pa ntchitoyi ndi kuyesa bwino ndi kudekha, osati thumba lolemera.

Ife a chigawo cha Tete sitiyenera kudabwa nazo. Abale athu a Chinyungwe ali ndi gule wa nyanga, mmene amuna amavina mozungulira, aliyense akuwuzira timitete take totseka kunsi. Kamtete kakatali kamalira liwu lapansi, kakafupi kamalira lapamwamba. Lamulo lake ndi lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa nyanga milomo ya munthu ndiyo imalunjikitsa mpweya m'mphepete mwa kamtete, pamene pa limba pakamwa pake timachita kupamanga ndi manja, kuti mvukuto uziwuzira m'malo mwa munthu.

Tsopano miyeso. Amene mwabwera ndi kaderno lembani. Chitoliro chikafupikitsidwa ndi theka, liwu limakwera kuchoka pa do wapansi kufika pa do wapamwamba. Komanso chitoliro chotseka kumutu chimalira liwu lofanana ndi chotsegula chimene n'chotalika kawiri. N'chifukwa chake ine ndimalangiza zotseka: mapepala amalowa ochepa, liwu lake n'lofatsa, kuchuna kwake n'kosavuta. Kuchokera pakamwa pa chitoliro kufika pa chotsekera, miyeso yoyambira mu masentimita ndi iyi: do 33, re 29, mi 26, fa 24.5, sol 22, la 19.5, si 17.5, do wapamwamba 16.5. Podula thupi la chitoliro, onjezerani masentimita 3.5 a kuphazi ndi ena 3 a kumutu kokhala chotsekera. Pochuna mudzaona kuti chotsekeracho chikutsika pang'ono kupyola pa muyeso. Musadabwe, ndi mmene zimakhalira.

Choyamba ndi thupi. Pezani kapaipi ka madzi kapena ndodo yosalala, yowongoka, yonenepa masentimita 2.5. Ikulungeni ndi kapulasitiki kamodzi kuti pepala lisakakamire. Pepala labwino ndi lija lolimba lofiirira, la matumba a simenti kapena a ufa wa tirigu. Likung'untheni, mulipukute. Nyuzipepala ndi yofewa, musavutike nayo. Phikani phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, lopanda mibulu, lizizire. Amene angathe kugula kola yoyera ya akalipentala, imeneyo ndiye yabwino koposa. Pakani phala pa pepala mopyapyala, kenaka kulungani pa ndodo mothinitsa, maulendo 6 kapena 8, mpaka khoma lake linenepe pafupifupi milimita imodzi. Pokulunga muzisisita ndi chikhatho kuti pasatsale mpweya pakati pa mapepala. Yanikani pamthunzi masiku awiri kapena atatu. Padzuwa ayi, chimapindika ngati nthochi. Chikauma, solani ndodo ija.

Chachiwiri ndi pakamwa, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kumbali imodzi ya thupi lija, imene tizitcha kuphazi, dulani mpata ndi lumo latsopano, kuyambira kumapeto kwenikweni. M'lifupi mwake mukhale masentimita 2, m'litali 3.5. Semani kamtengo kofewa kozungulira, kotalika masentimita 3, koti kalowe mothina m'phazimo. Kenaka kulungani pepala lina kunja kwa phazilo ngati chikuto, livindikire mpata uja pamwamba pa kamtengo. Mukatero mwapanga kanjira kopyapyala ka mpweya: pansi pake kamtengo, pamwamba pake chikuto. Kutsogolo kwa kanjirako kwatsala kazenera ka mamilimita 5 kapena 6. M'mphepete mwa kazenerako, mbali yoyang'anana ndi kanjira, ndiwo mlomo wa chitoliro. Upakeni vanishi kapena kola kuti ulimbe, ukauma muupale ndi lumo chakunja mopendeketsa, ukhale wakuthwa ngati khasu lonola, wopanda ulusi wa pepala wolendewera.

Chimachitika n'chiyani pamenepa? Mpweya umatuluka m'kanjira uli wopyapyala, n'kukagunda pa mlomo. Ukagunda umayamba kupita m'kati, kunja, m'kati, kunja, mofulumira kwambiri, ndipo mpweya wa m'thupi la chitoliro ndi umene umalamula liwiro lake. Pa liwu la la, zimenezi zimachitika maulendo 440 pa sekondi imodzi. Maso sangaone, koma khutu limamva.

Musafulumire kumata kamtengo ndi chikuto. Tsekani kumutu ndi chikhatho, wuzirani pang'onopang'ono, uku mukusuntha kamtengo ndi chikuto kutsogolo kapena kumbuyo pang'ono zedi. Mukamva phokoso la mpweya wokhawokha, kazenera kakula kapena mlomo ndi wobuntha. Chikamalira mokuwa, kulumphira liwu lapamwamba, kazenera kachepa kapena mwawuzira mwamphamvu. Pali malo amodzi pamene liwu limatuluka loyera, lodzaza. Mukapapeza, lembani chizindikiro ndi pensulo, ndiye matani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chitoliro chimodzi chikhoza kukudyerani madzulo onse pa milimita imodzi yokha.

Chikuto chija chipitirire masentimita 2 kumbuyo kwa kamtengo. Kumeneko tsekani ndi kachidutswa ka thabwa koboola pakati, mulowetsemo chubu cha bolopeni yakutha. Mmenemo ndi molowera mpweya.

Chachitatu ndi chotsekera cha kumutu. Semani kamtengo kozungulira kokhala ndi kachigwiriro, mukakute ndi kansalu kofewa kapena kachikopa. Kazilowa mothina koma kazitha kusuntha. Pakakhala podontha mpweya ngakhale pang'ono, liwu limafooka kapena kuzimiratu. Mukakankhira chotsekera m'kati liwu limakwera, mukachikoka limatsika. Pochuna mungagwiritse ntchito kiyibodi ya ku parokya, kapena foni ya mnyamata amene ali ndi pulogalamu yochunira gitala. Tcherani khutu: mawu awiri akayandikana koma osafanana, mumamva liwu likunjenjemera, wa-wa-wa. Mukamasuntha chotsekera kunjenjemerako kumachedwa, kenaka kumatha. Pamenepo ndiye mwafika.

Zitoliro za mawu apamwamba muzikulunge pa ndodo yocheperako, pakamwa pakenso pachepe. Lamulo la amisiri ndi lakuti m'lifupi mwa pakamwa mukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kwa chitoliro. Zungulizani kaulusi, mukapinde kawiri, mukapindenso kawiri, mwapeza muyeso wake.

Chachinayi ndi mpweya. Kuwuzira ndi pakamwa n'kongoyesera chabe, chifukwa mpweya wa munthu uli ndi chinyezi ndipo umafewetsa pepala. Pamafunika mvukuto, monga wa osula makasu. Pangani kabokosi ka matabwa kosadontha mpweya, pamwamba pake mabowo 8 okhazikamo zitoliro. Kunsi kwa bowo lililonse, m'kati mwa bokosi, ikani kachitseko komata labala wa chubu cha njinga, kokankhidwa ndi kasipuling'i ka pegi yoyanikira zovala. Mukadina kamtengo ka kunja, kachitseko kamatseguka. Pakati pa mvukuto ndi bokosi pakhale thumba losunga mpweya, lotsenderezedwa ndi thabwa ndi njerwa pamwamba, kuti mpweya uziyenda mofanana. Popanda thumba limeneli liwu limakwera ndi kutsika monga mmene dzanja likupopera.

Mphamvu ya mpweya amisiri a limba amaiyesa ndi madzi, ndipo ifenso tingathe. Pindani kapaipi koonekera m'kati ngati chilembo cha U, thiranimo madzi, mbali imodzi mulumikize ku bokosi. Madzi a mbali ziwirizo akasiyana ndi masentimita 5 kapena 6, mpweya wakwana. Akapitirira, chepetsani kulemera kwa njerwa. Mukuona kuti si mphamvu yambiri. Limba silifuna ukali.

Adani a ntchitoyi ndi atatu: chinyezi, mphemvu ndi makoswe. Phala la chinangwa kwa iwo ndi chakudya. Choncho pakani vanishi kapena sera ya njuchi yosungunula kunja ndi m'kati mwa chitoliro, ndipo muzisunga m'chitini chovindikira, pamwamba, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Nthawi yabwino yopangira ndi kuyambira Junho mpaka Setembro, kunja kuli gwa, ntchito ya kumunda itachepa. Dziwaninso kuti kukazizira mawu a zitoliro amatsika pang'ono, kukatentha amakwera, chifukwa liwu limathamanga kwambiri mu mpweya wofunda. Kuno kumapiri a Angónia m'mawa wa Julho ndi masana ake n'zosiyana kwambiri. Ndiye chunani pa nthawi yomwe kwaya imayimba.

Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma masamu onse a ntchitoyi ndi regua, theka ndi gawo lachinayi. Mwana wa kalasi yachinayi angathe. Ndipo mwana amene wadula yekha chitoliro pakati, n'kumva liwu likukwera, sadzaiwalanso kuti theka n'chiyani. Aphunzitsi amene muli pano, taganizirani zimenezi. Makolo anzanga, miyezi ya chilimwe anyamata athu ambiri amangokhala pa msika kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sindikunena kuti mapepala adzawadyetsa. Koma dzanja limene laphunzira kuyesa milimita pa chitoliro ndi lomwelo lidzayese bwino thabwa la chitseko, mzere wa munda ndi mankhwala a ng'ombe.

Sindikukulonjezani limba longa la ku Ulaya. Zitoliro 8 za mapepala sizingadzaze tchalitchi chachikulu, ndipo zikanyowa ndi mvula zatha. Koma zimapatsa kwaya liwu loyambira, zimayimba nyimbo yosavuta, ndipo chikawonongeka chimodzi mumakulunga china sabata yomweyo osapita ku sitolo.

Pempho langa ndi ili. Mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano wamawa, amene ali ndi matumba a mapepala abwere nawo. Amayi mutithandize ndi ufa wa chinangwa pang'ono. Achinyamata mubwere ndi regua, malumo atsopano ndi mabolopeni akutha. A kalipentala athu, mutiganizire pa kabokosi ndi mvukuto. Tidzagawana, anthu awiri chitoliro chimodzi, magulu 8. Zikadzauma n'kuchunidwa, a pulezidenti mudzatipemphere kwa anzathu a ku wailesi kuti adzabwere ndi chojambulira mawu, makalabu ena adzamve ndi kufunsa miyeso.

Amene ali ndi mafunso ndili pompano, ndipo zitoliro ziwiri ndabwera nazo kuti muzigwire ndi kuona pakamwa pake. Chonde ana asawuzire kwambiri.