Njinga Imagunda Pansi ndi Zikhatho Ziwiri Zokha

Mwandipatsa mphindi zochepa, ndiye ndilunjike pa nkhani.

Ambirife muno timadya za kabaza. Amene sayendetsa amakwera, kapena ali ndi mchimwene wake amene amayendetsa. Tikakhala pa siteji timatsutsana za injini, eti Boxer ndi Lifo yamphamvu ndi iti, ya mafuta ochepa ndi iti. Koma za matayala ndi ma shock, zii! Chonsecho zimene zimatigwetsa kawirikawiri ndi zimenezi.

Tambasulani dzanja lanu. Malo amene tayala limodzi limakhudza pansi sakula kuposa chikhatho chimenecho. Inuyo, kasitomala wanu ndi thumba la fetereza, nonse mwatsamira pa zikhatho ziwiri basi. Kukhota, kumanga buleki, kuzemba dzenje, zonse zimachitikira pamenepo. Ntchito ya tayala ndi kugwira nthaka. Ntchito ya shock ndi kulikanikiza tayalalo kuti lisachoke pansi. Chimodzi chikalephera, chinzake chilibenso ntchito.

Misewu yathu kuno ku Kasungu mukuidziwa. Pa M1, kuchokera ku Chinkhoma kudutsa pa boma mpaka ku Nkhamenya, ndi phula. Koma mukangopatuka kulowa ku maesiteti ndi kumidzi, nkhani yasintha. Chilimwe ndi mchenga ndi timabampu tondondozana ngati malata, dzinja ndi matope a m'madambo oterera ngati therere. Tsiku limodzi njinga imodzi imaponda zonsezi. Ndiye tayala logula tisamangoyang'ana mtengo wokha.

Tayala la mizere yosaya limayenda bwino pa phula, koma m'matope mizere ija imadzadza, tayala n'kusanduka dazi. La mano akuluakulu limaluma bwino m'matope ndi mumchenga, koma pa phula lonyowa mphira wokhudza pansi umachepa, buleki imatenga mtunda wautali, ndiponso limatha msanga. Kwa ife oyenda konsekonse, la mano apakatikati ndiye loyenera.

Musanalipire, werengani m'mbali mwa tayala. Muona manambala ngati 2.75-17 kapena 3.00-18. Yoyamba ndi kufufuma kwa tayala, yomaliza ndi kukula kwa limu. Gulani saizi imene njinga yanu inabwera nayo. Tayala lonenepa mopitirira silipatsa mphamvu ayi, limangopinika pa limu yopapatiza n'kumavuta pokhota. Pa matayala ambiri pamakhalanso manambala anayi osonyeza tsiku lopangidwa. Mukaona 2322, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2022. Mphira ukakhalitsa umauma n'kuyamba timing'alu, ngakhale mano akuoneka atsopano. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, makamaka matayala a kaunjika aja. Ngati pali kamuvi, kakuloza kumene tayala liyenera kuzungulira, ndiye muwaonetsetse amakanika pomanga. Ndipo tayala latsopano limaterera masiku oyamba, musalithamangitse pa makona.

Tsopano mpweya. Ambiri timayeza ndi chala kapena kumenya ndi phazi, n'kuti "ali bho". Chala sichidziwa kanthu, anzanga. Geji ndi yotchipa, ndipo siteji yonse itha kusonkherana kugula imodzi. Njinga zambiri za mtundu wathu zimafuna pafupifupi 25 psi kutsogolo, 28 kumbuyo ukakhala wekha, 32 ukanyamula munthu. Nambala yeniyeni ya njinga yanu ili m'kabuku kake kapena pa kasitika ka pafupi ndi tcheni. Yezani m'mawa tayala lisanatenthe.

Mpweya ukachepa, chiwongolero chimalemera, tayala limatentha, ndipo mukagunda dzenje limu imaluma chubu. Ukachuluka, chikhatho chija chimachepa, njinga imadumphadumpha pa mabampu, ndipo buleki ya kutsogolo imakutayani pa miyala. Ena amapopa mpaka tayala gwa ngati mwala poti anyamule katundu wambiri. Kumeneko n'kudzinamiza.

Tibwere ku ma shock. Pansi pa sipuling'i ya shock ya kumbuyo pali kakolala ka masitepe, kawirikawiri asanu. Ambiri sitinakakhudzepo chigulireni njinga. Mukakhala nokha, sitepe yofewa ndi yabwino. Mukanyamula munthu ndi katundu, kwezani. Koma mbali zonse ziwiri zikhale pa sitepe yofanana, apo ayi njinga imakokera mbali imodzi.

Chifukwa chake ndi ichi. Kumbuyo kukatsika kwambiri, kutsogolo kumapepuka. Tayala la kutsogolo, limene limawongolera ndi kugwira buleki yaikulu, limangoyandama. N'chifukwa chake njinga yolemedwa imagwedeza mutu ikafika mumchenga. Chizindikiro chake n'chosavuta: usiku nyali ikamawalitsa nthambi za mitengo m'malo mwa msewu, kumbuyo kwatsika.

Apa ndiye pali nkhani ya nyengo ya fodya. Msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa cha m'ma April, ntchito imachuluka, ndalama zimayenda, ndipo aliyense amafuna maulendo ambiri. Belo imodzi yothina bwino imatha kufika makilogalamu 100. Mukaimangira kumapeto kwa keriyala, kuseri kwa tayala la kumbuyo, imanyamula mutu wa njinga ngati katungwe. Isendezeni pafupi ndi msana wanu, imangeni zolimba kuti isagwedere, ndipo pa belo musawonjezerepo munthu. Ulendo wachiwiri umadya lita ya petulo. Kuthyoka mwendo kumadya sizoni yonse, ndipo mwini njinga akhala akufunabe ndalama yake.

Shock yakufa mungaidziwe bwanji? Imikani njinga, kanikizani mpando mwamphamvu, kenako siyani. Yabwino imabwerera kamodzi n'kukhala chete. Ikamanjanja kawiri katatu, mafuta a m'kati atha, mwangotsala ndi sipuling'i. Pa mabampu a malata tayala lotero limakhala m'malere nthawi yambiri, ndipo tayala lili m'malere silimva buleki. Kutsogolo, yang'anani mapaipi a foloko. Mukaona mafuta osakanikirana ndi fumbi, masilo atha. Fumbi lathu lino limadya masilo msanga, ndiye muzipukuta mapaipiwo ndi kansalu madzulo aliwonse. Mafutawo akatsikira ku buleki, vuto lakula.

Musaiwale masipoko. Agogodeni ndi sipanala mmodzimmodzi. Olimba amalira bwino, omasuka amangoti phu. Masipoko omasuka amapinda limu, ndipo limu yopindika imavinitsa njinga ngakhale tayala likhale latsopano.

Kwa alongo athu ndi nonse amene mumangokwera: muli ndi ufulu woyang'ana tayala musanakwere. Likakhala dazi, kwerani ina. Mbewa ya manyazi inafera ku una. Ndipo woyendetsa asakwiye, poti ndalama akulipira ndi yake, mwendonso ndi wake.

Ndikupempha chinthu chimodzi, a tcheyamani. Loweruka likubwerali aliyense amene ali ndi njinga abwere nayo pa bwalo pano m'mawa. Geji ndibweretsa, sipanala ya shock ndibweretsanso. Tiyeza mpweya, tiona mano a matayala, tiwerenga manambala aja pamodzi, ndipo aliyense aphunzira kusintha shock yake yekha. Njinga imodzi sitenga mphindi khumi. Chipewa choteteza mutu musasiye kunyumba, nachonso tichiona zingwe.

Amene mukuwerenga izi pa Facebook, tumizani kwa m'bale wanu wa pa siteji.