Kuyesa Zomatira Zipupa Mvula Isanadze

Ku Makululu m'mzinda wa Kabwe nyumba zambiri ziri za njerwa zosaocha, ndipo dzinja likafika zipupa zina zimagwa. Wina amati laimu ndiye acinjiriza cipupa ku mvula, wina amati simenti, winanso phula. Tisakangane pakamwa cabe, tiyese.

Tengani njerwa zinai za cikombole cimodzi, zouma bwino. Imodzi muisiye yosamata, zitatuzo muzimate mbali zonse, iri yonse ndi comatira cace. Zikauma, muziike pa sikelo ndi kulemba kulemera kwace. Tsono boolani citini cikhale ngati mvula yanu, ndipo muthire madzi olingana pa njerwa iri yonse, citini ciri pa msinkhu umodzimodzi. Zibwezereni pa sikelo: imene yaonjeza kulemera koposa ndiyo yamwa madzi ambiri.

Akatswiri a sayansi amapenya dontho limodzi lokha. Likaima lobulungira monga pa tsamba la koko, ngodya yace nipitirira madigiri 90, amati comatiraco cikukana madzi, likayalika, calephera.

Koma ine sindikhulupirira mayeso a tsiku loyamba okha. Siyani njerwazo pa dzuwa la October, ndipo muziyesenso, pakuti simenti yomatidwa pa dothi imacita ming'alu, ndipo madzi olowa pa mng'alu satuluka msanga.

Poumba ndi pomata, makolo inu, ana akhale kutali ndi pfumbi. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu wace ukali m'dothi la Makululu.